Chitsime cha Kumunsi

Mlendoyo anatsika pikapu yochokera ku Bolero dzuwa litapendeka, mphepo ya mu Juni ikuulutsa fumbi pamsewu wa ku Mwazisi. Sanafunse njira kwa munthu. Anakoleka chikwama chakuda paphewa n'kulowa kanjira ka pakati pa zigafa za fodya, akuyenda pang'onopang'ono ngati akufananitsa zimene akuona ndi zimene wina anamufotokozera kalekale.

Woyamba kumuona anali Isabella. Anali atakhala pakhomo pa nyumba yake, mwana wake Mtende ali pamiyendo. Mwanayo anali atakwanitsa chaka, koma ankapepuka ngati khanda. Maso anali atalowa, milomo itauma. Kutsegula m'mimba kunkamusiya sabata ino n'kubweranso sabata yamawa, ndipo m'mawa uliwonse ankadzuka ali lefu, akupuma movutikira.

Isabella atakweza maso, mtima unagunda. Kayendedwe kaja, kapendeketsedwe ka mutu kaja, zinali za Raphael, mwamuna wake amene anali ku Joni. Anatsala pang'ono kuimirira. Koma munthuyo atayandikira anaona kuti ndi wina, wamtali pang'ono, wa nkhope yosazolowera kumwetulira. Anachita manyazi ndi mtima wakewo, n'kuwerama.

Mlendo aliyense wofika pa a Chavula amayamba wakwera kumtunda, ku nyumba ya malata ya a Hezron, apongozi ake a Isabella. Uyu sanatero. Anaima n'kumayang'ana nyumba ya kumunsiyo, nyumba yakale ya njerwa zowotcha imene mkamwana aliyense, mkazi wokwatiwa ndi mwana wa pamudzipo, amayambiramo banja. Anayang'ana khomo, denga, mawindo otseka ndi masaka, ndi kanjira kotsikira ku dimba.

"Odi kuno," anatero pamapeto pake.

Isabella asanayankhe, kunatulukira a Rahab, mlongo wawo wa a Hezron, atavala juzi ziwiri ndi duku.

"Monile, adada. Mwasochera kapena? Kwa akuluakulu ndi uko kumtunda."

"Ndipitako, mayi. Dzina langa ndi Mackson, ndine wa zaumoyo. Ndimayeza madzi akumwa ndi mpweya wa m'nyumba. Ndamva ku chipatala za mwana amene akungobwerabwera ndi matenda omwewo."

"Mpweyanso mwayamba kuuyeza?" a Rahab anaseka mouma. "Chaka chamawa mudzayeza maloto. Chichewa chanuchi si chophunzira kusukulu. Kwanu n'kuti?"

"Ndinakulira ku Dedza."

Kuseka kuja kunazima. A Rahab anamuyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu.

"Musadzivutitse, a ku Dedza. Matenda a mwanayu ife tikuwadziwa. Mwamuna ali ku Joni, mwana akufota, inu mukuti n'chiyani? Ndi tsempho. Mayi akapanda kudzisunga, amene amalipira ndi mwana. Woyamba anapita chimodzimodzi. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, uyu akwera galimoto wa kwawo ku Khondowe. Mwana ndi wa a Chavula, ng'ombe tinapereka. Ndidzalowa m'nyumba muno ine, ndimulere ndekha."

Mawu amenewo Isabella anali atawamva kambirimbiri moti sanamupwetekenso ngati poyamba. Anangomukumbatira Mtende mwamphamvu. Linali Lachisanu.

A Hezron anali pamalo pawo pa masiku onse, pampando wa nsungwi pakhonde, bulangete pamaondo, kawailesi pambali. Miyendo inali itawavuta kwa zaka zambiri, ndipo ankangochoka pamenepo popita kukagona kapena ku tchalitchi. Kutsogolo kwa khondelo, moti munthu akhoza kuponyapo chitsononkho, kunali mjigo wakale umene bambo awo anaupempha adakali moyo.

Anamumvetsera mlendoyo mwachifatse.

"Yezani, mwana wanga," anatero. "Ine za tsempho ndi za chipatala zonse zandikulira. Ndikungoona adzukulu akutha."

Mackson anatulutsa timabotolo tiwiri, m'kati mwa kalikonse muli kapepala kopindapinda. Anafotokoza kuti madzi oyera akathiridwamo sasintha, koma madzi amene alowa zonyansa za m'chimbudzi amada bii akagona masiku awiri pofunda.

"Koma ndikupempha kuti mutunge ndinu, bambo, ndi manja anu, ndipo musunge nokha. Ine ndisatikhudzenso. Kamodzi ka pamjigo pano, kena ka kumene amatunga mayi a mwanayu."

"Nanga si pano pomwe?" a Hezron anadabwa.

Mackson anatembenukira kwa Isabella, amene anagwada patali, kumbali kwa nkhokwe, monga ayenera kuchitira mkamwana pamaso pa apongozi aamuna.

"Mumatunga kuti, mayi?"

Isabella analoza kumunsi ndi dzanja, osakweza maso.

"Chifukwa chiyani, mjigo uli apa?"

Anayankha ndi a Rahab, ngati akuuza mwana.

"Inu a ku Dedza simudziwa ulemu. Kupopa mjigo ndi ntchito yoimirira, yogwedeza thupi lonse. Mkamwana angachite zimenezo apongozi ake akuona? Akazi onse olowa m'nyumba ya kumunsi amatunga kudimba. Anayamba kale."

"Ine sindinaletse munthu," a Hezron anatero motsitsa mawu.

"Simunaletse, bambo," Mackson anayankha. "Palibe amene analetsa."

A Hezron anadzaza okha kabotolo koyamba pamjigo. Kenako anatenga ndodo yawo n'kuyamba kutsika, akupumira panjira, Mackson atawagwira mkono. A Hezron anali asanafikeko kudimbako kwa zaka. Anadutsa zimbudzi zitatu za pamudzipo zimene zinandandalikana pamtsetse, china chitagwera m'kati n'kumera maungu pamwamba. Kuchokera pamenepo kangalande ka madzi a mvula kanatsika molunjika mpaka pa dzenje lozunguliridwa ndi miyala, pafupi ndi pamene amafesa nazale ya fodya. Madzi ake ankaoneka oyera, mitambo ikuonekeramo. A Hezron anagwada movutikira, natunga, natseka kabotoloko. Anakamanga kaulusi kofiira pakhosi kuti asakasokoneze ndi kanzake, ndipo tonse tiwiri anatiika m'matumba a m'kati mwa jekete lawo, pafupi ndi thupi.

"Pofunda ndi pamenepa," anatero. "Kwina kulikonse pamudzi pano n'kozizira."

Dzuwa likulowa, mphepo inakula. Mackson anapempha Isabella kuti achite monga amachitira madzulo aliwonse, a Rahab ali pomwepo ngati mboni. Isabella anakoleza mbaula, nailowetsa kuchipinda makala asanayake bwino, natseka chitseko, natchinga mpata wa pansi ndi chisanza. Theka la chipindacho linali lodzaza ndi mabelo a fodya wa apongozi ake wodikira msika, obisidwa m'menemo kuopa akuba. Fungo lake linkakanda pakhosi.

Mackson anaika kachipangizo konga foni pamphasa, pamene Mtende amatsamiritsa mutu. Isabella ankaona manja a mlendoyo m'kuwala kofiira kwa makala, zala zazitali zokhota pang'ono kumapeto, ngati za Raphael. Anayang'ana kumbali.

Posakhalitsa kachipangizoko kanayamba kulira mosalekeza.

"Yankhani foni yanuyo," a Rahab anatero.

Mackson anatsegula chitseko, nanyamula mbaula kupita nayo panja, nazula saka la pawindo.

"Mumadzuka ndi mutu, mayi?"

"Tsiku lililonse," Isabella anayankha. "Ndimati ndi maganizo."

"Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha. Wamkulu amadzuka ndi mutu. Mwana wofooka kale, tsiku lina sadzuka n'komwe. Othani moto panja, mukalowe ndi zofunda basi. Fodyayu achoke muno. Madzi a mwana muziwiritsa kuyambira lero."

"Ndiye mwana afe ndi chisanu?" a Rahab anakalipa. "Ife tonse tinakulira pa mbaula."

"Amene anakula ndi amene mukuwawerenga, mayi."

A Rahab anakokera duku lawo kumaso n'kutuluka.

Mlendoyo anakagona kwa aphunzitsi a pasukulu ya pafupi. Loweruka m'mawa Raphael anaimba foni. Mawu ake ankamveka patali, odukaduka, kumbuyo kukumveka magalimoto.

"Ankhazi andiuza zonse," anatero. Umu ndi mmene ankawatchulira a Rahab, azakhali ake. "Akuti kwabweranso mwamuna wina amene walowa mpaka kuchipinda."

"Ndi wa zaumoyo, a Raphael. Ankhazi anali pomwepo."

"Ine ndili kutali, sindingaone. Ingomvera akuluakulu. Zikazizira tidzakambirana."

Foni inaduka. Isabella anakhala akuiyang'ana. Anakumbukira tsiku limene Raphael anakwera msewu wokhotakhota wa ku Khondowe wapansi, galimoto itawonongeka, kungoti akamuone potuluka kwaya. Anafika nsapato zili m'manja, akuseka. Munthu ameneyo sankadziwa kuti anatsalira kuti.

Masana anabereka Mtende n'kulowera ku manda a banja, kuseri kwa mitengo ya bulugamu, kukatsanzikana ndi Dinah, mwana wake woyamba. Anapeza kuti kuli munthu kale. Mackson anaima chilili, chipewa chili m'manja, osati pa manda a Dinah koma pa kamwala kakale ka pambali pake, kodera ndi ndere. Pa kamwalapo panalembedwa dzina limodzi lokha: Lumbani.

"Pansi pamenepo palibe munthu," Isabella anatero, asanaganize n'komwe.

Mackson sanatembenuke. "Akuti bwanji?"

"Sizikambidwa pamudzi pano. Ine ndinamva kwa amayi a kudimba. Apongozi anga anali ndi mkazi woyamba, amayi a Raphael asanabwere. Mkaziyo ankakhala m'nyumba yomwe ndikukhalayi. Apongoziwo atapita kukagwira ntchito ku esiteti, mwana anayamba kudwala ngati wangayu. Anamunena zomwe akundinena inezi. Tsiku loti amuthamangitse lisanafike, anathawa ndi mwanayo. Patapita nthawi kunabwera uthenga woti mwana anafera panjira. Ndiye anangoika mwalawu."

"Inu mumamuona bwanji mayi ameneyo?"

"Kale ndinkati anali woipa, woba mwana wa eni ake." Anakonza nsalu imene anaberekera Mtende. "Masiku ano ndimamulota. Nkhope yake sindiidziwa, koma ndimamuona akutsika kanjira kaja ndi ndowa, ine ndili pambuyo pake."

Mphepo inagwedeza mabulugamu. Isabella anatsitsa mawu.

"Pikapu yoyamba imadutsa kusanache bwino. Ndaganiza kuti mwina nanenso..."

"Musatero."

"Ndimusiye? Ankhazi akalowa m'nyumba muja adzakoleza mbaula yomweyo. Nawonso miyendo yawo ndi yaulesi, chitsime chili pafupi kuposa mjigo. Akandichotsa, Mtende sadzafika nthawi ya mvula."

"Ndikudziwa. Koma mwana wothawitsidwa amakula akufunsa, ndipo mayi wake amafa dzina lake likadali lakuda kumene anachoka. Dikirani mawa m'mawa. Timabotolo tija tikapanda kulankhula, ine ndemwe ndidzakunyamulirani chikwama."

Apa m'pamene Mackson anamuyang'ana m'maso, ndipo Isabella anaona kuti maso akewo anali ofiira. Ankafuna kumufunsa kuti iye ndani kwenikweni, ndiponso chifukwa chake wa zaumoyo angabwere yekha, wopanda njinga ya boma, n'kudzaima pa manda a eni ake. Koma Mtende anakhosomola kumsana, ndipo Isabella anabwerera kunyumba.

Lamulungu kunacha ndi nkhungu. Belu loyamba la ku tchalitchi litalira, a Rahab anali atatulutsa kale chikwama cha Isabella n'kuchiika pabwalo. A Hezron anali pampando wawo, atavala jekete lomwe lija, tayi ili pakhosi. Isabella anagwada pamalo pake pafupi ndi nkhokwe. Mackson anaima patali ndithu, manja ali kumbuyo.

A Hezron analowetsa dzanja m'thumba lakumanja. Kabotolo ka pamjigo kanatuluka ndi madzi achikasu pang'ono, owala. Anakaika pa bondo. Analowetsa dzanja kumanzere. Ka ulusi wofiira kanatuluka kakuda ngati munthu wasungunuliramo mwaye. Atakatsegula pang'ono, fungo la dzira lovunda linafika mpaka pamene anagwada Isabella.

"Awa ndi amene amamwa mdzukulu wanga?"

"Ndi amene ankamwanso Dinah," Mackson anayankha.

"Matsenga!" a Rahab anakuwa. "Achimwene, musapusitsidwe. Kapepala kali m'katimo anaika ndani? Si iyeyu?"

"Kapepala kali m'timabotolo tonse tiwiri, Rahab. Ndinatunga ndekha. Ndagona nato."

"Ndiye mufunseni chimene chamubweretsa! Boma lake liti logwira ntchito Loweruka ndi Lamulungu? Midzi yonseyi wailumpha, wadzafikira pakhomo pa mkazi amene mwamuna wake ali ku Joni. Dzulo anthu awaona awiriwa kumanda, akunong'onezana. Umboni wina mukufuna wotani? Uyu ndiye mwini tsempholo, wabwera kudzapulumutsa chibwenzi chake!"

A Hezron anayang'ana kabotolo kakuda kaja, nayang'ana mlongo wawo, kenako mlendoyo. Nkhope yawo inali yotopa chomene.

"Funso la Rahab ndi loona, mwana wanga. Ndiyankheni. Mkamwana wangayu mukumudziwa bwanji?"

"Sindinamuonepo Lachisanu lisanafike, bambo. Chimene ndinkachidziwa ndi nyumba ija, kanjira kaja, ndi chitsime chija. Mayi anga ankatunga pamenepo."

Kawailesi kankaimba nyimbo ya kwaya motsitsa, ndipo a Hezron anakazimitsa.

"Ankandiuza kuti ndinachoka kuno ndili ngati Mtende, khosi losaimika," Mackson anapitiriza. "Titafika ku Dedza ndinachira popanda mankhwala achilendo. Iwo mpaka imfa yawo sanadziwe chifukwa chake. Ankangoti, 'Ine sindinalakwe, koma kunali chinachake m'nyumba muja.' Ndinaphunzira ntchito iyi ndi mawu amenewo m'mutu. Anamwalira chaka chatha. Nditapempha kuti anditumize ku Rumphi, ndinalibe mtima wofika kuno. Kenako ndinamva anamwino akukamba za mwana wa kwa Chavula, wa nyumba ya kumunsi."

A Rahab anakhala pansi pa sitepe ya khonde.

Belu lachiwiri linalira. A Hezron sanalimve. Anagwira ndodo, naimirira movutikira, ndipo ndi dzanja limodzi anayamba kukoka mpando wawo wa nsungwi. Unkakhwekhwereza pasimenti. Mackson anafuna kuwathandiza koma anamukaniza ndi mutu. Anaukoka mpaka kumapeto kwa khonde, nautsitsa, naukhotetsera kuseri kwa nyumba kumene mjigo suoneka.

Anabwerera opanda mpando, akupuma mwamphamvu.

"Mkamwana," anatero, ndipo kanali koyamba kulankhula naye mwachindunji chilowereni m'banjamo. "Bwezani chikwamacho. Musachibwezere kumunsi, mulowe nacho muno. Tengani ndowa mukapope. Mukatha mupite naye mwanayo ku chipatala, tchalitchi tipita ife."

"Yewo, adada," Isabella anayankha.

Anaimirira, Mtende ali kumsana, wopepuka ngati mtolo wa udzu. Sankadziwa ngati thandizoli lafika pa nthawi yake kapena mochedwa, monga linachedwera kwa Dinah. Anagwira chitsulo chozizira cha mjigo, chimene anakhala akuchiona patali zaka zonsezi, n'kuchikankhira pansi. Madzi anayamba kugwera m'ndowa.

Kumbuyo kwake anamva ndodo ya apongozi ake ikugogoda pansi, kuyandikira pamene anaima mlendoyo.

"Anatiuza kuti munafera panjira."

"Amalume ndi amene anatumiza uthengawo, kuti musadzanditenge. Ndi amenenso ananditcha Mackson."

"Ndikufuna ndimve lina lija," a Hezron anatero. "Ndakhala ndikuliwerenga pamwala zaka zonsezi. Ndikufuna ndilimve pakamwa pa munthu wamoyo."

Isabella analeka kupopa. Madzi otsala anadontha m'ndowa.

"Ndine Lumbani, adada," mlendoyo anatero. "Lumbani Chavula."